Tsitsani Mawu, Abusa

Amayi Busa ndiwo anayamba kuona kuti amuna awo asintha, mpingo usanadziwe kanthu. Anazionera pa tebulo. Munthu amene ankapempherera chakudya mothamanga ngati minibasi ikumusiya, n'kumalizira ndi kanthabwala koti ana aseke, tsopano ankati akatsinzina amangokhala chete mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Akatsegula pakamwa mawu ankatuluka ochepa, otsika, ngati m'chipinda chinacho mwagona khanda.

"Bambo, mukumva kuwawa penapake?"

"Ayi, mayi. Ndili bwino."

Koma ubwinowo sunkaoneka. Pa lamba wawo anali ataboolapo kabowo katsopano ndi msomali kuti thalauza lisamagwe.

Abusawa tauni yonse inkawadziwa ndi nthabwala. Tchalitchi chawo chinali kuseri kwa msika, ndipo Lamlungu anthu ankadzaza mpaka ena kumaonerera m'mawindo. Kunena zoona, ambiri ankabwerera kuseka. Mulungu ankamutchula kuti Bwana Wamkulu, nthawi zina Mdala wa Kumwamba. Ikafika nthawi ya pemphero ankatulutsa foni m'thumba n'kuiika kukhutu. "Halo, Kumwamba? Ndine mnyamata wanu uja. Musadule, Bwana, ndili ndi anthu pano." Mpingo wonse unkafa ndi phwete. Amayi Busa nthabwala zonsezo ankazidziwa pamtima, zina anazimva zikuyeseredwa m'bafa, komabe ankaseka ndithu pa benchi yawo yakutsogolo, chifukwa mkazi wa abusa akapanda kuseka anthu amayamba kufunsana za kunyumba kwake.

Tsopano foni ija inasiya kutuluka m'thumba. Ulaliki unafupika, ndipo anthu ankatuluka akuyang'anana ngati agula thumba la shuga n'kupezamo mchenga. Pakati pa sabata abusa ankachoka atangomwa tiyi, osanena kumene akupita, n'kubwera dzuwa litapendeka.

Tsiku lina akupachika jekete ya amuna awo, Amayi Busa anamva fungo. Anaibweretsa pafupi ndi mphuno n'kununkhizanso. Fodya, ndi kafungo kena kowawasa ka mowa wotayikira pansi. Iwo anakulira m'nyumba ya bambo womwa, fungo limenelo sakanalisokoneza ndi lina lililonse. Anapisa m'matumba onse, akunja ndi am'kati. Munalibe kanthu, ngakhale kapepala ka switi. Kusowa kanthu komweko n'kumene kunawavutitsa kwambiri. Amuna awo chikhalire matumba awo ankakhala ngati dzala. Anayamba liti kuwakutumula?

Ndiye linafika Lamlungu la Mgonero wa Ambuye. Nsalu yoyera ya pa gome anaichapa ndi kuisita okha Amayi Busa. Abusa ananyema mkate bwinobwino. Koma atanyamula chikho m'mwamba, manja awo anayamba kunjenjemera, poyamba pang'ono, kenako moonekera ngakhale kwa okhala kumbuyo, mpaka vinyo kutayikira pa nsalu ija. Pakamwa panali potsegula koma mawu osatuluka. Woimba kiyibodi anapitiriza kaye kanyimbo kake kapansipansi, kenako nayenso anachotsa zala. M'tchalitchi munangoti zii. Mkulu wa mpingo, amene anthu ankawatcha a Wotchi chifukwa chokonda kuyang'ana pamkono ulaliki ukatalika, ananyamuka, n'kulandira chikho chija mwaulemu, n'kumaliza iwo mwambowo.

Potuluka, azimayi anawapatsa moni Amayi Busa ndi manja awiri, mitu itapendekeka, moni wa pamaliro. Palibe anafunsa kanthu. Onse ankadziwa zimene anthu amanena za munthu wonjenjemera pa gome la Ambuye: kuti pali tchimo limene akubisa.

M'mawa mwake kunabwera mng'ono wawo, amene anali ndi saluni pafupi ndi depoti ya mabasi. Sanadikire n'komwe kuti madzi a tiyi awire.

"Achemwali, ine kukubisirani sindingathe. Makasitomala anga akuti alamu akumaoneka ku bala ija ya kuseri kwa depoti."

"Ku bala? Alamu ako omwewa?"

"Omwewa. M'mawa, isanatsegulidwe, ndipo amalowera khomo lakumbuyo. Mwini wake anamwalira posachedwapa, ndiye pamakhala mkazi wake yekha." Anatsitsa mawu ngakhale m'khitchinimo anali awiriwiri. "Ndipo si nkhalamba ayi, achemwali. Ndinamuonapo ndi maso angawa. Khungu lake see, ngati sadziwa dzuwa."

"Makasitomala ako akakhala m'chowumitsira tsitsi ubongo umawaphikika," anatero Amayi Busa.

Madzulo a tsiku lomwelo anafika a Wotchi, atatseka msanga sitolo yawo ya mankhwala. Anasankha nthawi imene ankadziwa kuti abusa kulibe. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa pa bondo.

"Amayi, m'nyumba muno muli mtendere?"

"Ulipo, bambo. Abusa angotopa chabe."

"Eya, kutopa." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine, amayi, ndagulitsa mankhwala kuyambira ndili ndi tsitsi. Manja onjenjemera m'mawa ndimawadziwa. Amabwera pa kauntala panga kudzagula a mutu, akutafuna chingamu kuti fungo lisamveke. Sindikunena kuti ndi zimenezo. Koma ngati si botolo, ndiye kuti ndi chikumbumtima, ndipo zonsezo mpingo uyenera kudziwa. Loweruka akulu a mpingo tikumana nawo. Ngati pali chimene mukudziwa, kuli bwino timve kwa inu kusiyana n'kumva kumsika."

Amayi Busa anawaperekeza mpaka pa geti akumwetulira. Atabwerera m'nyumba anakhala pansi. Mng'ono wawo akuti mkazi, a Wotchi akuti mowa. Mwina zonse ziwiri, poti zimenezi zimakonda kuyendera limodzi.

Abusa atabwera anakakhala pakhonde n'kuyamba kupolisha nsapato. Akazi awo anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Bambo, ku bala mumakatani?"

Burashi inaima. Abusa sanadzutse mutu. "Mwamva."

"Ndamva, ndanunkhizanso."

"Sindimwa, mayi. Mukundidziwa."

"Ndinkakudziwani. Ndiye kuti ndi mkazi uja."

"Ndimakaonana naye, sindikana. Ndimakamufunsa zinazake."

"Zinazake zotani zoti mkazi wanu sangayankhe?"

Abusa anayang'ana nsapato imene inali m'manja mwawo kwa nthawi yaitali. "Ndili ndi mantha, mayi," anatero potsiriza. "Ndipatseni nthawi. Sindikudziwa poyambira."

Mantha! M'mutu mwa Amayi Busa munabwera chinthu chimodzi chokha chimene chimaondetsa mwamuna wapabanja mpaka kuboola lamba: mimba ya kunja. Analowa m'nyumba n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Kutacha, abusa atatuluka, iwo anavala diresi losadziwika ku tchalitchi ndi kumanga mpango mpaka pamphumi. Anawatsatira chapatali, kudutsa pa msika pamene ogulitsa anali akuyala kumene katundu, kudutsa pa depoti pamene makondakitala ankalimbirana anthu, mpaka kukamsewu kopanda phula, ka ngalande zonunkha sopo. Amuna awo sanacheuke ngakhale kamodzi. Anakhota pa ngodya ya nyumba yopakidwa utoto wobiriwira n'kulowa khomo lakumbuyo, ngati munthu wozolowera.

Khomolo linali losatseka bwino. Amayi Busa anasuzumira pa mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu. M'katimo mipando inali yoimika miyendo m'mwamba pa matebulo, makreti a mabotolo opanda kanthu atasanjidwa mpaka kudenga. Abusa anali atakhala pa kreti imodzi, jekete yomanga mabatani onse, manja pa mawondo ngati mwana wa sukulu woitanidwa ku ofesi. Mkazi uja ankakolopa, atavala epuloni ndi nsapato za mphira.

"Kwezani miyendo, abusa," anamveka akutero. Abusa anakweza, chokolopera n'kudutsa pansi pawo.

Zina zonse zimene ankakambirana sizinkamveka. Abusa ankafunsa, mkaziyo n'kuyankha mwachidule osasiya ntchito yake. Panalibe kuseka, panalibe kugwirana. Koma Amayi Busa sanatonthole mtima. Mwina anali atakangana. Mwina akukambirana zochita ndi mimbayo. Anakabisala kwa womata matayala, akunamizira kudikira munthu, mpaka ataona amuna awo akutuluka n'kulowera njira ya ku tchalitchi. Pamenepo anakankha chitseko chija osagogoda.

"Sitinatsegule, mayi," anatero mkaziyo osacheuka.

"Koma amuna a eni mumawatsegulira."

Mkaziyo anawongoka. Pafupi sanali wosalala monga ananenera mng'ono wawo. Maso anali otupa, milomo yosweka. Amayi Busa anaponya diso pamimba pake. Pansi pa epuloni panali phwatalala.

"Ndinu Amayi Busa," anatero mkaziyo. "Bola mwabwera. Khalani apo."

"Ndiima. Amuna anga amadzatani muno?"

"Sanakuuzeni?" Anatsamiritsa chokolopera pa kauntala n'kupukuta manja pa epuloni. "Amuna anga anagonekedwa m'chipatala ndi chiwindi. Madokotala anali atanena kale kuti tizingodikira. Tsikulo abusa anu anabwera kudzaona wodwala wa mpingo wawo pa bedi loyandikana nafe. Wodi yonse inali kuseka, ndi anamwino omwe. Ine ndinati munthu wa Mulungu asangodutsa, ndinawapempha atipempherereko. Malemu ku tchalitchi sankapondako. Anali munthu waphokoso, wotukwana, mawu awo mukanawamva muli ku depoti uko. Koma masiku amenewo anali atasiya kulankhula, madzi omwe ndinkachita kuwadontheza ndi supuni."

"Ndiye?"

"Ndiye abusa anabwera akumwetulira, n'kutulutsa foni. 'Halo, Kumwamba?' Asanapitirize, malemu anatulutsa dzanja m'bulangete n'kuwagwira pamkono apa. Mphamvu zimenezo sindikudziwa anazitenga kuti. Anati, 'Tsitsani mawu, abusa. Mukuimbira ndani? Mwini wake ali pompano.'"

Kunja galimoto inaliza hutala. Mkaziyo anadikira kuti idutse.

"Ankayang'ana kumiyendo kwa bedi. Ine ndinayang'anako, ndinangoona khoma ndi chitsulo chopachikapo diripi. Koma nkhope yawo, mayi! Muno apolisi analowapo ndi mfuti, akuba anatithyolerapo, munthu uja sindinamuonepo akuopa. Tsiku limenelo ankanjenjemera thupi lonse, misozi ili chuchuchu mpaka m'makutu. Ndinati ndiwatembenuze ayang'ane kwina, anakana. Anati, 'Ndisiye. Ndine wauve chonchi, koma sakundithamangitsa.' Anabwereza mawu amenewo kangapo. M'mawa mwake anatisiya."

"Nanga amuna anga anatani?"

"Foni inagwa pansi. Anangoima kakasi, kenako anagwada pa simenti. Pemphero lomveka silinatuluke. Nanenso ndinangopezeka ndagwada, sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji."

Nkhaniyo inawakhudza Amayi Busa, ndipo kukhudzidwako kunawakwiyitsa. "Mwaikonza bwino nkhaniyi," anatero. "Munapangana liti kuti muzidzanena chonchi?"

Mkaziyo anawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. "Mayi, ine ndili ndi maliro anga. Amuna anuwo muno sanalawepo ngakhale madzi a pampopi. Amangodzakhala pa kreti apo n'kumandifunsa zomwezomwezo. Kodi malemu ankapemphera mobisa? Kodi anaona chiyani? Kodi ananenanso chiyani nditachoka? Ndayankha mpaka malovu kuuma. Ngati mwabwera kudzawatenga, chonde atengeni. Anthu ayamba kundinena ine, ngati umasiye wokhawu sukundikwana." Anatenga chokolopera chake. "Samalani pamenepo, n'poterera."

Amayi Busa anatuluka osatsanzika. Panjira anaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku kufunafuna pamene yang'ambika. Wodwala wa mpingo amene anagonekedwa nthawi imeneyo ankamudziwa, analipodi. Galasi la foni ya amuna awo linalidi losweka pakona, ndipo atafunsa anangoyankhidwa kuti inagwa. Koma bodza labwino limamangidwa ndi zidutswa zoona, iwo ankadziwa zimenezo.

Tchalitchi chinali chotsegula. Masana a pakati pa sabata munkamveka fungo la polishi ndi maluwa ofota a Lamlungu. Abusa anali atakhala pa benchi yomalizira, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala ochedwa ndi azimayi a ana olira. Akazi awo anakhala pambali pawo, n'kuyandikira kwambiri kuposa mmene zinkafunikira, kuti amve mpweya wa m'kamwa mwawo. Sanamve kanthu.

"Ndikuchokera ku bala kwanu."

Abusa anaona mpango uja ndi diresi lija, ndipo kwa kanthawi pakona ya mlomo wawo panagwedezeka, ngati nthabwala ikufuna kutuluka. Anaimeza. "Wakuuzani."

"Wandiuza nthano inayake. Ndikufuna ndiimve kwa inu."

"Zimene wanenazo n'zoona. Ine sindinaone kanthu, mayi, ndisakunamizeni. Mwina kunali kubwebweta chabe kwa munthu wotsirizika, ndadzifunsapo zimenezo kambirimbiri. N'chifukwa chake ndimamuvutitsa mayi uja ndi mafunso. Koma malemu atanena kuti ali pompano, ndinazindikira kuti ndi zomwe ndimalalikira sabata ndi sabata, kuti Mulungu ali paliponse, ndipo sindinaimepo n'kuganiza kuti n'zoonadi. Zaka zonsezi ndakhala ndikumunena ngati munthu amene watuluka panja, woti ungayerekeze mayendedwe ake kuti anzako aseke. Ndiye utembenuke, upeze kuti sanatuluke. Wakhala ali pomwepo, akumva zonse."

"Ndiye mukuopa kuti akulangani?"

"Poyamba ndinkaganiza choncho. Ndinkadikira kuti mwina ndidwala, mwina galimoto indigunda. Koma si zimenezo. Akanakhala mantha a chilango bwenzi ndikuthawa nyumba ino. Onani, ndimabwera tsiku lililonse. Kutsogoloko miyendo ikukana, koma kutulukanso sindikufuna. Ndi wamkulu, mayi, ndi woyera, ndipo ine ndimamusewera ngati mnzanga wa pa bawo. Komabe wandilekerera ndikupuma mpweya wake. Chimene chikundinjenjemeretsa kwambiri n'chimenecho, kuleza mtima kwakeko." Anayang'ana manja awo. "Lamlungu lija nditanyamula chikho ndinakumbukira kuti tikukumbukira magazi a ndani, ndi kuti anakhetsedwa chifukwa cha anthu onga ine ndi malemu uja. Ndinaona kuti manja ogwira chikhowo ndi omwe aja a foni. Sindinathe."

"Bwanji osandiuza ine mkazi wanu, n'kumakakhala pa kreti kwa mkazi wa ku bala?"

"Iyeyo analipo, safunika kumufotokozera. Inu ndikanayamba kukufotokozerani, ndikudzidziwa ine, ndikanaikometsa. Ndikanayerekeza mawu a malemu, inu n'kuseka, Lamlungu linalo n'kukhala chitsanzo cha mu ulaliki. Pakamwa pangapa chilichonse chimasanduka nthabwala. Chimenechi chokha ndimafuna chisasanduke."

Mawuwo anawalowa Amayi Busa. Koma nthawi yomweyo kamtima kena kanawakumbutsa kuti ntchito ya munthuyu zaka zonsezi inali yomweyo, kulankhula mawu olowa mumtima. Anamuonapo akuliza mpingo wonse pa maliro, pobwerera n'kumafunsa m'galimoto ngati mawu ake anamveka bwino pa sipika. Ananyamuka.

"Tiyeni kunyumba mukadye," anatero. "Loweruka muli ndi mlandu. Ndipo ku bala kuja mwatsanzika lero."

Loweruka akulu a mpingo anakumana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, kosungiramo mikanjo ya kwaya. Amayi Busa sanaitanidwe, koma analowa limodzi ndi amuna awo n'kukhala pa mpando wa pakona, ndipo palibe analimba mtima kuwatulutsa. A Wotchi anayamba ndi kupempha abusa kuti atambasule manja kutsogolo. Abusa anatambasula. Manjawo anali phee. A Wotchi anawayang'anitsitsa, anayang'ananso m'maso mwawo ngati akuona kasitomala, kenako anati afotokoze.

Abusa anafotokoza, koma anafotokoza moipa. Anayambira pakati, n'kubwerera kumayambiriro, n'kuiwala kunena kuti wodwalayo anali ndani mpaka atafunsidwa. Pa mawu a malemu anachita chibwibwi, n'kuwanena mouma, maso ali pansi. Amayi Busa anakhala ndi munthuyu kuyambira ali mtsikana, ndipo anali asanamumvepo akuononga nkhani chonchi. Anadzifunsa ngati munthu wonama angalole kuti bodza lake lituluke lopunduka chotero, iye akudziwa kulikongoletsa.

"Ndiye mukutiuza kuti Mulungu anatidumpha tonsefe, n'kukaonekera kwa wogulitsa mowa?" anafunsa mkulu wina, mphunzitsi wopuma pantchito.

"Zimene anaona sindikuzidziwa," anayankha abusa. "Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lija munthu uja anaopa Mulungu kuposa mmene ine ndamuopera moyo wanga wonse."

"Ine ndinapitako ku balako," analowererapo Amayi Busa. "Ndinasuzumira iwo osadziwa. Sindinaone botolo, sindinaonenso china chilichonse choipa." Anadabwa kumva mawu awo omwe akutuluka olimba chonchi, pamene mumtima anali asanamalize kuweruza.

"Mkazi amateteza banja lake, amayi, sitikukudzudzulani," anatero a Wotchi mofatsa. Ndipo akuluwo anagwirizana kuti abusa apume kaye pa guwa kwa miyezi ingapo, mpaka zinthu zitaoneka mutu wake.

Kunabwera mlaliki wachinyamata wogwirizira, wa suti zowala ndi nthabwala zakezake, ndipo mawindo anadzazanso mitu ya anthu. Abusa ankapita Lamlungu lililonse n'kukakhala pa benchi yomalizira ija, osadandaula. Kunyumba anayamba kudya pang'onopang'ono. Ndi ana ankaseka monga kale, kuwayerekeza mmene amayendera akalakwa, koma dzina la Mulungu silinalowenso m'nthabwala zawo. Kumsika nkhani inagawika pawiri, ena mowa, ena mkazi. Mng'ono wawo wa ku saluni anadzipatsa ntchito yoyang'anira mimba ya mayi wamasiye uja, ndipo mwezi uliwonse ankabwera ndi lipoti lokhumudwa lakuti sikukula. Amayi Busa eni ake masiku ena ankadzuka atakhulupirira zonse, masiku ena ankapezeka akununkhiza jekete.

M'mawa wina, mvula ikuwaza, kunamveka kugogoda pa geti. Anali a Wotchi, opanda chipewa, shati yomanga mabatani mophonya.

"Amayi, abusa alipo? Sindinabwere ngati mkulu wa mpingo." Anapukuta madzi a mvula kumaso. "Mayi a kunyumba anagwa dzulo m'bafa. Mbali imodzi yafa, sakulankhula bwino. Adokotala akuti tiitane ana."

"Pepani, bambo, pepani kwambiri. Mlaliki wathu mwamuuza?"

"Anabwera dzulo lomwelo. Anafuula mpaka anamwino kudzatichenjeza. Mayi anangotembenukira kukhoma." Anayang'ana pansi. "Ndikupempha abusa."

Abusa anali atamva kale ali m'nyumba, ndipo anatuluka akuvala jekete. Amayi Busa anatenga ambulera n'kupita nawo. Onse anakwera galimoto ya a Wotchi.

Ku chipatala abusa anaima kanthawi pakhomo la wodi, kenako analowa mwakachetechete. Pa galasi la chitseko Amayi Busa anawaona akukoka mpando, akukhala pafupi ndi bedi, akugwira dzanja lamoyo la mayi wodwalayo. Anawerama n'kunena mawu ochepa pafupi ndi khutu lawo. Mayiwo, amene anali atayang'ana kukhoma, anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

A Wotchi sanalowe. Anatsala m'khonde la chipatala pamodzi ndi Amayi Busa, atatsamira khoma, anamwino akudutsa ndi matileyi a mankhwala.

"Amayi," anatero patapita nthawi, osawayang'ana, "ndifunse ngati munthu chabe. Nkhani ya ku bala ija, inu mumaikhulupirira?"

"Masiku ena," anayankha Amayi Busa.

"Nanga lero?"

Amayi Busa anapinda ambulera, n'kuiimika pakona kuti isadonthezere madzi panjira.

"Lowani, bambo," anatero chapansipansi. "Akazi anu akukufunani ndi maso."

Anawatsegulira chitseko mosamala kuti chisalire, ndipo onse awiri analowa monyang'ama.